Chamba cholimidwa m'katenti: chilolezo chake chimathera pa Beitbridge

TETE. Mwezi wa Disembala ukamayandikira, mabasi ochokera ku Johannesburg amadzaza ndi ana athu amene akubwera kudzadya Khirisimasi ndi makolo awo ku Moatize, ku Tsangano, ku Angónia ndi ku Macanga. Amabwera ndi mabulangete, miphika, mafoni ndi zovala za ana, ndipo pamwamba pa zonsezi amabwera ndi nkhani za kumene achokera. Nkhani imodzi imene yakhala ikumveka zaka zino pa mabwalo a bawo ndi m'misika ndi yakuti ku Joni chamba anachimasula, kotero kuti munthu akhoza kuchilima m'chipinda chake chogona, m'katenti kansalu, apolisi osam'funsa kanthu. Ena amaonetsa ndi zithunzi zomwe pa foni: mitengo yobiriwira ili ndondondo m'kanyumba kowala ngati masana.

Nkhaniyi siyabodza, koma amene amaisimba amasiya theka lake m'njira, ndipo theka losiyidwalo ndi limene lingagonetse mwana wa munthu m'ndende. Pa chifukwa chimenechi tsamba lino laganiza zofotokozera owerenga ake kuti katenti kameneka n'kotani, kamadya ndalama zotani, ndi mayiko ati amene amakalola, ndiponso kuti lamulo la dziko lathu la Moçambique likuti chiyani pa chamba, chimene anzathu olankhula Chipwitikizi amachitcha suruma.

Katenti kake

Amene amva mawu akuti tenti asaganize za matenti aja a pa misasa ya anthu othawa nkhondo kapena a pa maliro. Aka n'kakang'ono, kofanana ndi kabati yosungiramo zovala. Mafupa ake ndi timapaipi tachitsulo tolumikizana, ndipo amakakuta ndi nsalu yolimba, yakuda kunja, yonyezimira ngati siliva m'kati, yotsekedwa ndi zipi. Tating'ono timakhala masentimita 60 m'litali ndi 60 m'lifupi, tokulirapo timafika mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono, ndipo msinkhu wake umafanana ndi wa munthu wamkulu ataimirira. M'masitolo a ku South Africa ndi ku Ulaya timagulitsidwa poyera, chifukwa ena amalimiramo tomato, tsabola ndi ndiwo zamasamba.

Kudenga kwa katentiko amapachika nyale yamphamvu. Pansi amaikapo miphika ya dothi iwiri, itatu kapena inayi. Pakona pamwamba pamakhala fani yotulutsa mpweya wotentha kudzera m'paipi, ndipo m'kati mumakhala ina yaing'ono yogwedeza masamba m'malo mwa mphepo. Mwachidule, zonse zimene mlimi wa ku Ulónguè amalandira kwaulere kuchokera kumwamba, ndiye kuti dzuwa, mphepo ndi mvula, mwini katenti amazigula ndi ndalama ndi kuzisamalira ndi manja ake tsiku ndi tsiku kwa miyezi itatu kufikira isanu asanakolole kanthu.

Chamba ndi mbewu yotsata kutalika kwa usiku. Masana akakhala aatali chimangokula ndi kuchita masamba, usiku ukatalika ndi pamene chimayamba maluwa. N'chifukwa chake nyale ya m'katenti imalumikizidwa ku kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa kokha. Masabata oyamba imayaka maola 18 pa tsiku, kenaka amaitsitsa kufika maola 12, kuti mbewuyo iyese kuti nyengo yasintha. Alimi athu amene amadziwa kuti pali papaya wamwamuna ndi wamkazi sadzadabwa kumva kuti chamba nachonso chili chomwecho. Mphamvu yoledzeretsa, imene madokotala amaitcha THC, imachuluka mu utomoni wa maluwa a mtengo waukazi.

Dzuwa logula

Tiyeni tiwerengere limodzi. Nyale yamakono ya mtundu wa LED yokwanira katenti kamodzi imadya mawati apakati pa 100 ndi 300. Titenge ya mawati 200. Ikayaka maola 18, ndiye kuti yadya mayuniti 3.6 pa tsiku, amene ndi mayuniti 108 pa masiku 30, osawerengera mafani amene amazungulira usana ndi usiku. Tsono tiyerekeze ndi banja la ku Matundo kapena ku Chingodzi limene lili ndi mababu anayi a mawati 10, oyaka maola asanu madzulo aliwonse. Banja limenelo limatha mayuniti 6 okha pa mwezi pa kuunikira. Izi zikutanthauza kuti nyale imodzi ya m'katenti imadya magetsi okwanira kuunikira nyumba 18 zotere. Mayi aliyense amene amagula Credelec ndi kumayang'anitsitsa manambala a pa mita akutsika, akudziwa tanthauzo la chiwerengero chimenechi. Nyale zakale, zimene ena akugwiritsabe ntchito, zimadya mawati 400 kapena 600 ndipo zimatentha moti munthu sangazigwire.

Pali chinthu china chimene ife a chigawo cha Tete sitingachilumphe. Gawo lalikulu la magetsi a pa damu la Cahora Bassa limagulitsidwa ku South Africa. Amachoka pa Songo ndi kuyenda pa mawaya mtunda wopitirira makilomita 1,400 kukafika pa siteshoni ya Apollo, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Choncho sitikulakwa tikanena kuti ena mwa matenti a mu mzinda umenewo akuwala ndi madzi a mtsinje wathu wa Zambezi, pamene midzi yambiri ya m'mbali mwa mtsinje womwewo ikuunikirabe ndi tochi ndi timasola ta m'manja.

Ndipo dzuwa logula limazima. M'chaka cha 2023 dziko la South Africa linali ndi kuthima kwa magetsi kochita kugawa pa masiku oposa 300. Munda wa panja susamala zimenezo, koma munda wa m'katenti ukasowa magetsi umakhala mu mdima, mafani amaima, ndipo chinyezi chimadzaza m'katimo.

Fungo, chuku ndi moto

Zithunzi za pa foni sizionetsa fungo. Chamba chikayamba maluwa chimanunkha kwambiri kotero kuti fungo lake limadutsa pansi pa chitseko, kulowa m'khonde ndi kufika kwa anansi. Pofuna kulichepetsa, eni matenti amagula chitini chodzaza ndi makala okonzedwa mwapadera, chimene mpweya umadutsamo usanatuluke, ndipo makalawo amatha mphamvu, amafuna kugulanso. Munthu wokhala m'nyumba ya lendi, ngakhale dziko litamulola, mwini nyumba akhoza kum'kaniza, ndipo mikangano ya mtundu umenewu imathera pa kusamutsidwa.

Vuto lachiwiri alimi a fodya wa bale a ku Macanga, ku Chifunde ndi ku Angónia akulidziwa bwino. Fodya akapanikizana m'chigafa nthawi ya mvula, mphepo yosapita, amachita chuku ndi kuola. M'katenti zimachitikanso chimodzimodzi, ndipo mofulumira, chifukwa mbewu zimatulutsa madzi m'masamba m'malo otsekeka. Chuku chimayamba m'kati mwa duwa, mwini wake n'kudzachiona zitaonongeka kale. Chinyezi chomwecho chikamatulutsidwira m'chipinda chimadetsa makoma ndi denga, ndipo chimavutitsa ana ndi anthu odwala mphumu. Akangaude ofiira, amene alimi a tomato amalimbana nawo m'madimba, nawonso amakonda malo ofunda ngati amenewa, popeza mulibe mvula yowakokolola.

Vuto lachitatu ndiye loopsa koposa. M'katenti mumakumana zinthu zitatu zimene siziyenera kuyandikana: madzi othirira, mawaya a magetsi ndi nsalu. Abale athu ambiri ku Johannesburg sakhala m'nyumba zazikulu. Amakhala m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za eni, m'zisakasa za malata, kapena m'nyumba zosanja zodzaza anthu, kumene soketi imodzi imanyamula mbaula, ketulo, wailesi yakanema ndi mafoni a anthu asanu. Kuwonjezera pamenepo nyale yoyaka maola 18, nthawi zambiri mwini wake ali ku ntchito, ndiko kuitana moto, ndipo moto wa m'zisakasa suthera pa khomo limodzi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Amalimiranji m'nyumba?

Mlimi wa kuno angafunse kuti: kodi anthu amenewa alibe minda? Yankho lake lili pawiri, nyengo ndi lamulo.

Kuno kwathu kutalika kwa masana sikusintha kwenikweni, kumangoyendayenda pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse, ndipo kuzizira kwa ku Angónia kwa mwezi wa Juni n'kwamasewera tikakuyerekeza ndi kwa ku Ulaya. Mu mzinda wa Berlin masana a mwezi wa Disembala sakwana maola 8, madzi amaundana panja, ndipo anthu ambiri amakhala m'nyumba zosanja zopanda ndi kabwalo komwe. Abambo athu amene anakagwira ntchito m'mafakitale a ku East Germany pakati pa 1979 ndi 1990, aja timawatcha madjermane, akhoza kuchitira umboni za kuzizira kumeneko. Kumalo otere katenti ndiye munda wokha umene munthu wa m'tauni angakhale nawo.

Mbali ya lamulo ndi iyi. Mayiko amene analola anthu kudzilimira chamba sanalole kuti chilimidwe poyera ngati chimanga. Onse anaika malire, ndipo ambiri analamula kuti mbewuyo ikhale pamalo pamene ana ndi anthu odutsa sangaifikire. Katenti kotseka ndi zipi, m'chipinda chokhoma ndi loko, kamathandiza kukwaniritsa zimenezi, ngakhale kuti kalelo kankathandizanso obisala apolisi.

Dziko loyamba linali Uruguay, ku South America, mu Disembala 2013, pa nthawi ya Pulezidenti José Mujica. Kumeneko nyumba imodzi inaloledwa mitengo 6, ndipo wolimayo ayenera kuyamba walembetsa dzina lake ku boma. Canada inatsatira pa 17 Okutobala 2018 ndi mitengo 4 pa nyumba, koma chigawo chake cha Quebec chinakana, ndipo bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linagwirizana nacho mu 2023. Malta inalola mitengo 4 mu 2021. Germany inayamba pa 1 Epulo 2024: munthu wa zaka 18 kapena kupitirira, amene wakhala m'dzikomo miyezi yosachepera 6, analoledwa mitengo 3, magalamu 50 a chamba chouma kunyumba ndi magalamu 25 poyenda. Kugawirako mnzake, ngakhale kwaulere, sikunaloledwe.

Ku South Africa nkhaniyi inayambira ku bwalo la milandu, osati ku nyumba ya malamulo. Pa 18 Sepitembala 2018, pa mlandu wodziwika ndi dzina la Gareth Prince, wa chipembedzo cha Rasta amene anaphunzira za malamulo, bwalo loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti boma lisamange munthu wamkulu chifukwa cholima, kusunga kapena kusuta chamba chake pamalo ake a iye yekha. Chigamulocho anachiwerenga woweruza Raymond Zondo. Mu Meyi 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina lamulo lotsatira chigamulocho.

Owerenga amvetsetse mawu atatu: wamkulu, chake, pamalo ake. Kusuta pamsewu kapena pamaso pa ana sikunaloledwe. Kugulitsa kunakhalabe mlandu. Mnyamata amene waika katenti n'cholinga chopezerapo ndalama ya lendi waphwanya kale lamulo la dziko lomwelo limene akuti linamasula chamba, ndipo ngati ndi mlendo, mapepala ake n'kukhala osalongosoka, mlandu wake umakhala pawiri.

Anansi athu a ku Malawi

Amene amadutsa pa Zóbuè, pa Calómuè, pa Mandimba kapena pa Milange amamvanso kuti ku Malawi nako analola. Apanso nkhani ili ndi theka lobisika. Mu Febuluwale 2020 nyumba ya malamulo ya dzikolo inavomereza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, chimene amapangira mafuta, zingwe ndi nsalu. Anakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority kuti lizipereka ziphaso, ndipo mitengo imene inalengezedwa chaka chomwecho inafika madola 10,000 a ku America pa chiphaso cha chamba cha mankhwala, ndalama imene mlimi wamba payekha sangaikwanitse. Kusuta chamba ku Malawi ndi mlandu, ndipo apolisi a kumeneko amagwirabe matumba ake pa misewu. Lesotho mu 2017 ndi Zimbabwe mu 2018 anatsata njira yofanana: ziphaso za mankhwala, osati ufulu wa munthu aliyense.

Ngakhale bungwe la United Nations, limene mu Disembala 2020 linachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsetsetsa pofuna kuvomereza kuti chili ndi ntchito ku chipatala, linachisiyabe m'gulu la mankhwala oyenera kuyang'aniridwa ndi maboma.

Lamulo lathu

Kuno ku Moçambique palibe chigamulo cha Prince, palibe mitengo itatu ya ku Germany. Lamulo nambala 3/97 la pa 13 Malichi 1997, limene linakhazikitsanso ofesi ya boma yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, Gabinete Central de Prevenção e Combate à Droga, linaletsa kulima, kusunga, kunyamula, kugulitsa ndi kusuta suruma. Kuti mbewuyo yamera pakati pa chimanga kuphiri kapena mu mphika kuseri kwa kabati, pamaso pa woweruza ndi mbewu yomweyo. Chilango ndi ndende, ndipo kwa wopezeka akuchita malonda kapena kudutsitsa chamba m'malire zaka zake zimakhala zambiri. Katenti, nyale ndi mafani, zimene mwini wake anazigula modula, zimasanduka umboni wosonyeza kuti sanachite mwangozi.

Msewu wochokera ku Johannesburg kubwera ku Tete umadutsa mayiko atatu ndi malamulo atatu. Chimene chinali chololedwa m'chipinda cha ku Hillbrow chimasanduka mlandu basi ikangofika pa Beitbridge, chifukwa ngakhale South Africa yomweyo silola munthu kutuluka nacho. Ku Zimbabwe ndi mlandu msewu wonse mpaka pa Nyamapanda, ndipo pa Cuchamano lamulo lathu limakhala likudikira. Amene atsikira ku Maputo amakumana ndi zomwezo pa Ressano Garcia. Kapaketi kakang'ono m'thumba la jekete, kamene munthu anakaiwala kapena mnzake anam'tuma kuti akapereke kwa m'bale wake, n'kokwanira kuti Khirisimasi aidyere m'chitokosi, katundu yense amene anagulira ana ali m'manja mwa apolisi. Apaulendo asamalandire katundu womata wa munthu wina osaona m'kati mwake. Safunsa anadya phula.

Za thanzi

Pali amene amati chamba ndi therere chabe, agogo athu ankasuta popita kumunda ndipo anakalamba bwinobwino. N'zoona kuti mbewuyi yakhala m'dera lino zaka mazana ambiri. Koma chamba cha m'katenti si chimene ankasuta agogo. Mbewu zake anazisankha ndi kuzikwatitsa kwa zaka zambiri n'cholinga chimodzi, chakuti THC ichuluke, kotero kuti mphamvu yake imaposa kangapo ya chamba wamba cha kumunda chosakanikirana ndi masamba ndi njere.

Madokotala amagwirizana pa mfundo zingapo. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, ndipo amene ayamba kusuta ali wamng'ono ndiye ali pa chiopsezo chachikulu. Pa anthu khumi osuta, pafupifupi mmodzi amafika polephera kuleka, ndipo pa oyamba ali achinyamata chiwerengerocho chimakwera kufika mmodzi pa asanu ndi mmodzi. Kusuta tsiku ndi tsiku chamba champhamvu kumawonjezera mpata wodwala misala, makamaka kwa amene kubanja kwawo matendawa alipo kale. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amalangizidwa kuchipewa kotheratu, ndipo woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto atasuta amachedwa kuona ngozi. N'chifukwa chake mayiko onse amene analola katenti anaika msinkhu wa zaka ndi kulamula kuti ana asafikepo. Iwo eni sananene kuti chamba n'chabwino. Anangoganiza kuti kumanga munthu wamkulu chifukwa cha mitengo itatu kumawononga zambiri kuposa kumusiya, ndipo mkangano pa ganizo limenelo sunathe ngakhale kwawo komweko.

Funso lakuti dziko lathu lidzatsata njira ya Malawi, kulola chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale pa chiphaso, ndi loyenera kufunsidwa poyera, makamaka m'maboma olima fodya kumene alimi amadandaula mitengo chaka ndi chaka. Malo ofunsira ndi ku Assembleia da República, kudzera mwa aphungu amene tinawasankha. Mpaka tsiku limene aphunguwo adzasinthe lamulo, mfumu ya m'mudzi, wapolisi ndi woweruza adzatsata limene lilipo.

Kwa makolo amene akuyembekezera ana awo mwezi wa Disembala, pempho lathu ndi lakuti mwana akayamba kusimba za katenti, musam'kalipire, mum'funse mafunso atatu. Magetsi ake amalipira ndani? Moto utabuka usiku, m'nyumbamo mumagona anthu angati? Nanga m'chikwama chimene wadutsa nacho pa Cuchamano muli chiyani? Ndipo kwa anyamata amene muli ku Joni ndi ku Ulaya, dziwani bwino lamulo la kumene mukukhala, malire ake ndi zoletsa zake, ndipo ponyamuka ulendo wa kumudzi pisani m'matumba onse musanakwere basi.